Kapepala ka Amuna Anga

Kwa zaka pafupifupi ziwiri ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti amuna anga akuyenda njira. Sindinawagwirepo ndi mkazi, sindinaonepo uthenga wachilendo m'foni mwawo, ndipo foniyo ankangoisiya patebulo ngati supuni. Umboni wanga unali kapepala kakang'ono ka kuchipatala. Chifukwa cha kapepala kameneko banja langa linatsala pang'ono kutha, ndipo kunena zoona mpaka lero sindidziwa ngati linapulumuka.

Timakhala ku Kawale, m'nyumba ya lendi, ndipo kubafa timasinthana mabanja atatu. Ine ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde. Amuna anga ndi kalipentala ku Mchesi, amakhoma mabedi ndi mipando. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Ukawafunsa kuti tsiku layenda bwanji amangoti layenda, nkhani n'kuthera pomwepo. Tili pachibwenzi ndinkati n'kufatsa. Zinthu zitavuta, kufatsa komweko ndinayamba kukutcha kubisa.

Vuto linayamba mwana wathu wachiwiri atasiya kuyamwa. Azimayi timati mauka. Kumalo obisika kumayabwa, chikazi chimatuluka chosiyana ndi cha masiku onse, nthawi zina chafungo. Amene sanadwalepo amaona ngati n'kanthu kakang'ono. Ayesere kukhala pa makina osokera mwezi wa Okutobala, malata akuwotcha pamutu, miyendo ikupalasa, kasitomala ataima pomwepo kudikira diresi la mwana wake, iwe kumusi kukuyaka ndipo sungakande. Ndinkadula ulusi ndi mano chifukwa cha ukali. M'minibasi munthu akatsegula windo ndinkaganiza kuti wamva fungo langa. Kutchalitchi ndinachoka pabenchi yachiwiri n'kukakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Chinkandiwawa kwambiri n'choti ine si munthu waumve. Ukwati wathu uli pafupi, alangizi a kutchalitchi anandikhazika pamphasa masana onse. Wamkulu wawo, mayi wa mawu okuluwika amene mpaka lero amalangiza atsikana a mdera lathu, anandiloza ndi chala.

"Mkazi amasamba kawiri, kunja ndi m'kati," anatero. "Chala, sopo, madzi ozizira. M'mawa ndi madzulo. Mwamuna asamapeze ngati walowa m'dambo."

Anzawo anawomba m'manja. Ine ndinali mwana womvera, ndipo sindinadumphitsepo tsiku. Mauka atayamba ndinaganiza kuti ukhondo ndi umene wachepa, choncho ndinawonjezera, katatu pa tsiku, nthawi zina kanayi. Ndinagula sopo wamankhwala uja wonunkha chipatala. Mnzanga wina anandiuza za mandimu, ndinafinyira m'beseni. Anzanga a pa lendi ankagogoda chitseko cha kubafa n'kumafunsa ngati ndikuchapa mabulangete.

Ndiye panali makapisozi. Kuno kwathu kapisozi amachiza chilichonse. Chimfine makapisozi, dzino makapisozi, ngakhale kutopa kumene. Pa okala ya pakona amagulitsa awiriawiri ngati maswiti. Ndikamva kuyabwa ndinkamwa masiku awiri. Kukazizira pang'ono ndinkasiya, ndipo sabata yotsatira kunkabwerera ndi ukali woposa poyamba.

Zitandikwana ndinapita kuchipatala. Ndinakhala pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. Dokotala amene anandiona anali ndi anthu ena ambirimbiri panja, ndipo ndikumvetsa. Anandifunsa mafunso atatu akulemba m'buku langa la kuchipatala, osadzutsa mutu. Anandilembera mapiritsi ndi jakisoni. Kenako anang'amba kapepala n'kundipatsa.

"Aka mukawapatse abambo kunyumba. Abwere nawonso alandire mankhwala."

"Abambo sakudwala," ndinatero.

"Timathandiza onse awiri, mayi. Itanani wotsatira."

Sananene kuti amuna anga andipatsira matenda. Ndikufuna ndilembe zimenezi momveka, chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkauza anthu kuti adokotala anatero. Sanatero. Zotsalazo ndinamalizitsa ndekha m'minibasi, kapepala kali m'manja, ndipo pofika pa siteji mlandu unali utaweruzidwa kale.

Amuna anga atabwera ku ntchito ndinawaikira kapepalako pafupi ndi mbale yosambira m'manja. Anakawerenga kawiri.

"Koma ine sindikumva kalikonse m'thupi," anatero.

"Mbava imamva kuwawa?"

M'mawa mwake anavala malaya awo a kutchalitchi n'kupita kuchipatala, ndipo anabwerako akutsimphina ndi jakisoni. Ine ndinaona kupita kwawoko ngati kuvomera. Munthu wosalakwa akanakana, ndinkatero mumtima. Sindinaganizepo kuti munthu akhoza kupita kukabayidwa pofuna mtendere pakhomo.

Ndinachira milungu ingapo. Pofuna kuti zisabwererenso ndinalimbikira kusamba m'kati kuposa kale. Zinabwerera. Ndinapitanso, ndinapeza dokotala wina, mafunso omwewo, kapepala kena. Amuna anga anakabayidwanso. Chaka chisanathe kanabwera kapepala kachitatu. Pa ulendo wachitatuwo anandipempha kuti tipitire limodzi tikayezetse magazi. Tinayezetsa, ndipo tonse anatipeza tilibe kachilombo. Iwo anandiyang'ana ngati mwana amene wakhoza mayeso. Ine ndinati matenda a chiwerewere ndi ambiri, sayeza onse.

Pamenepo ndinaitanitsa ankhoswe. Mbali yanga anabwera amalume ochokera ku Biwi. Mbali ya amuna anga anabwera achemwali awo aakulu, alamu anga, a ku Area 23. Linali Loweruka masana, ana tinawatumiza kwa aneba. Ndinatulutsa buku la kuchipatala n'kulitsegula patebulo, masamba atatu, zidindo zitatu. Kenako pakamwa panatseguka. Ndikapsa mtima ine mawu amandibwerera okha, ndipo tsiku limenelo anabwera onse. Ndinati munthu uyu amanamizira kukhoma mabedi ku Mchesi pomwe ntchito yake n'kuwayesa. Ndinati akundibweretsera zinyalala za m'tauni monse kudzatayira mwa ine. Ndinati kufatsa kwake n'kwa fisi. Mawu akuti hule ndinawatchula, pamaso pa mlongo wawo.

Amalume anafunsa amuna anga ngati ali ndi choyankha.

"Ine sindinapite kwa mkazi wina," anatero. "Sindidziwa kuti ndinene chiyani china."

Alamu anga anangoti pepani mlamu, tamva, ndipo nkhope yawo inali yamanyazi. Amalume anatilangiza zopirirana, anamwa tiyi, anapita. Ndinamva pambuyo pake kuti alamu anakafotokoza nkhani yonse kumudzi, kwa apongozi anga, ndipo apongoziwo anawaitana amuna anga n'kuwakalipira ngati kamwana. Ine nditamva ndinasangalala. Ndinati aone polekera.

Patapita masiku atatu chichitikireni bwalo lija, amuna anga anabwera ndi kabedi kakang'ono atakamanga panjinga. Anali atakakhoma okha, ka munthu mmodzi. Anakaika pabalaza, kukhoma la kumadzulo, n'kutenga bulangete lawo kuchipinda.

"Kuti musamadwalenso," anatero.

Sanandikhudzenso. Mvula ya chaka chimenecho ili pakati, apongozi anga anamwalira. Tinapita kumaliro, tinabwerako, kabedi kanali pomwepo. Ndipo patatha miyezi isanu ndikugona ndekha, mauka anabwera ndi mphamvu zonse ngati palibe chinasintha. Munthu wanzeru akanadzifunsa. Ine ndinati ndi zotsalira za uve wawo, ndinamwa makapisozi, ndinalowa kubafa ndi mandimu anga.

Nthawi imeneyo mayi wina wa mumzere mwathu anali atayamba geni ya mankhwala a m'mabotolo ochokera kunja. Anandionetsa kabotolo kokongola, ka chithunzi cha duwa. Anati ndi mapulobayotiki, amatsuka mkazi yense n'kubwerera utsikana. Sindinagule, koma ndinakajambula pafoni. Kuyabwa kutafika poti sindingathenso kukhala pa makina, ndinapita kuchipatala kachinayi, nditakonzeka kulandira kapepala kachinayi kuti ndikakaponye pakabedi paja.

Tsiku limenelo ndinapeza nesi wachikulire, wa imvi m'mbali mwa kachipewa kake. Anatsegula buku langa n'kuwerenga masamba onse, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo munthu akuchita. Anandiuza kuti ndikwere pabedi, anandiona, anatengako chikazi pang'ono n'kutumiza kokayeza. Zotsatira zitabwera anatseka chitseko n'kukhala pansi.

"Mayi, mumasamba bwanji?"

Ndinaganiza kuti nayenso akunditenga ngati waumve. Ndinamufotokozera mwaukali ndi monyada, chala, sopo wamankhwala, mandimu, kanayi pa tsiku, zaka khumi ndi chimodzi osaphonya. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira. Anagwira kukamwa.

"Nanga makapisozi mumamwa?"

Ndinavomera.

"Chambiko mumachidziwa," anatero. "Chimene chimasandutsa mkaka kukhala chambiko ndi tizilombo tamoyo, tosaoneka ndi maso. Si tonse tizilombo timadwalitsa. M'mimba mwanu muli tabwino. Kumusi kwa mzimayi aliyense kulinso take, tofanana ndi ta m'chambikoto, ndipo ntchito yake n'kusunga malowo owawasa pang'ono kuti toipa tisaswane. Ndi alonda anu. Malo amenewo amadziyeretsa okha. Inu mwakhala mukuthamangitsa alonda ndi sopo m'mawa ndi madzulo, otsala mukuwamaliza ndi makapisozi, kenako mukudabwa kuti akuba alowera kuti."

M'mutu munkangomveka alangizi aja akuwomba m'manja.

Ndinamuonetsa chithunzi cha kabotolo. Anaseka pang'ono. Anati mapulobayotiki ndi tizilombo tabwino tomweto, angotiika m'makapisozi. Ena amati awathandiza, ena saona kusintha, ndipo za kubwezera utsikanazo n'zogulitsira malonda. Anati si mankhwala ochiza zimene ndinali nazo, mankhwala andipatsa iye ndipo ndimalize onse. Chambiko kapena yogati wopanda shuga ndizimwa ndikapeza, zithandiza m'mimba mwanga mmene makapisozi anasesa.

"Kumwa, mayi, osati kupaka kumusi. Ndakhala pano zaka zambiri, ndaona zinthu. Koma ngakhale mutamwa ndowa yonse, ngati chala ndi sopo sizisiya, mubweranso. Madzi okha, kunja kokha."

Anandilembera mankhwala n'kutseka buku. Ine ndinakhalabe pampando.

"Nanga kapepala ka abambo?"

"Lero kulibe kapepala."

"Ndiye kuti amuna anga..."

"Ine sindingalumbirire mwamuna wa munthu," anatero. "Koma mwanena nokha kuti miyezi isanu simunakhalire limodzi. Zimene ndaona lero si za chiwerewere. Pamene palibe mpata woyeza, anzanga amapereka mankhwala a zonse ndi kapepala, kuopa kuphonya matenda oopsa. Kapepalako sikanena kuti wina walakwa."

Ndinatuluka osatsanzika bwino. Sindinakwere minibasi, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, ndipo njira yonse ndinkafuna munthu woti ndimukalipire. Madokotala atatu, palibe anandifunsa funso limodzi lokhali, lakuti mumasamba bwanji. Mwini okala wandigulitsa makapisozi zaka zonsezi ngati akugulitsa machesi. Amayi anga ondibereka ankasamba chimodzimodzi. Aliyense anali ndi kagawo kake, koma ndikawerenga bwinobwino, pakamwa pamene panatchula hule panali panga.

Kusiya kunali kovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Dzanja linkapita lokha. Masiku oyamba ndinkatuluka kubafa ndikudzimva ngati sindinasambe, ndipo ndinkanyansidwa ndi thupi langa lomwe. Ndinachotsa sopo wamankhwala uja n'kumachapira masokosi a ana. Ndinamaliza mankhwala, ndinayamba kumwa chambiko, chinthu chimene sindinkachikonda n'kale lonse. Mwezi unatha, wachiwiri, wachitatu. Kunali zii. Ndinabwerera pabenchi yachiwiri kutchalitchi. Sindidziwa kuti chambiko chinathandiza mpaka pati, ndipo sindikufuna kunama ngati mayi wa kabotolo. Chimene ndikudziwa n'choti nditasiya kudzitsuka ndinasiya kudwala.

Lamulungu lina titaweruka ndinawaimitsa alangizi aakulu aja panja pa tchalitchi. Ndinagwada bwinobwino, ndinawafotokozera mwaulemu zimene nesi ananena, ndinapempha kuti atsikana asamauzidwenso za chala ndi sopo. Anandimvetsera akukonza chitenje.

"Mwana wanga, ife takula tikutero, tabereka ana asanu ndi atatu. Tizilombo tabwino? Ndiye tiziwauza ana kuti azisunga tizilombo?"

Amayi awiri amene anali pambali anaseka. Loweruka lotsatira kunali chilangizo cha mtsikana wina woimba kwaya, ndipo ndikudziwa zimene anamuuza. Ndikamuona pano atakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko mtima umandiwawa. Ndinamukokera pambali kamodzi, anandimvera mwaulemu, koma ine ndine telala chabe, iwo ndi alangizi.

Chovuta chenicheni chinali kunyumba. Ndinazengereza miyezi itatu yonseyo, ndikudziuza kuti ndikufuna nditsimikize kaye. Zoona zake ndinkachita mantha. Tsiku lina masana ndinatseka makina, ndinathira thobwa m'botolo n'kupita ku Mchesi. Zaka zonse zimene ndinkanena za ku Mchesi ndinali ndisanapondeko pa shedi yawo. Ndinawapeza okha, akupala thabwa, utuchi uli m'tsitsi ndi m'nsidze. Pakhoma panali kalendala yakale ndi chithunzi cha ana athu. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati chitsiru, ngati kuti akazi aja ndiwapeza atabisala kuseri kwa matabwa.

Ndinakhala pa mpando wosamaliza n'kufotokoza zonse, alangizi, sopo, mandimu, makapisozi, nesi ndi alonda ake. Iwo sanasiye kupala. Nditamaliza ndinati, "Bambo, ndinakulakwirani. Pepani."

Anaimika ntchito, anapukuta manja pa ovolosi.

"Mwachira?"

"Ndachira."

"Zikomo kwa Mulungu." Kenako anati, "Majakisoni aja sanali kanthu, mayi. Ndikanabayidwa ngakhale khumi. Koma amayi anandiitana kumudzi. Anandiuza kuti ndawachititsa manyazi, kuti ndatengera bambo anga. Ndinawauza kuti si zoona, iwo anati chipatala sichinama. Ulendo wotsatira ndinapita kukawaika m'manda."

Anandiyang'ana m'maso.

"Achemwali mukhoza kukawauza," anatero. "Amalume anu mukhoza kukawauza. Nanga amayi mukawauza bwanji?"

Anatenga botolo la thobwa, anamwa, anathokoza, n'kubwerera pa thabwa lawo.

Ndinapitadi ku Area 23. Alamu anga anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati iwo za tizilombo sazidziwa, koma ngati ndaganiza zomukhululukira mchimwene wawo ndachita bwino, amuna ndi ana. Ndinabwereza kuti palibe choti ndikhululuke, wolakwa ndine. Anandisisita paphewa n'kunena kuti ndine mkazi wamtima wabwino. Ndinatsala pang'ono kukuwa. Amalume nawo anati nkhani za kubafa saitanira ankhoswe, zatha zatha. Bodza ndinalinena kamodzi ndipo aliyense analilandira ndi manja awiri. Zoona ndazinena khomo ndi khomo, palibe akuzifuna. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo wanga wanditsatadi.

Papita chaka ndi miyezi. Sitikangana. Amuna anga amadya zimene ndaphika, amaseka ndi ana, tikamapita kutchalitchi timayendera limodzi. Lachisanu lililonse amabwera ndi paketi ya chambiko, ngakhale sabata imene sanagulitse mpando ndi umodzi womwe. Amaiika patebulo, pamalo pomwe ndinkaika timapepala tija, n'kunena kuti, "Alonda anu awo." Sindidziwa ngati n'chikondi kapena n'chikumbutso, ndipo ndimaopa kufunsa. Ndimamwa.

Ndawapempha kawiri kuti abwerere kuchipinda. Koyamba anati azolowera mphepo ya pabalaza. Kachiwiri anati tiona. Kabedi kaja ndinakasokera nsalu yamaluwa yofanana ndi makatani, chifukwa makasitomala akasuzumira pakhomo amafunsa kuti amagonapo ndani. Ndimawauza kuti n'ka alendo.